Chala Chimene a Elifala Anapinda

"M'boma lonse la Dowa, muwonjezerepo ndi Ntchisi ngati mukufuna, palibe wodwala khansa amene akukhoza bwino ngati mlamu wanga."

Ankayankhulawo anali a Reinford, amene anapuma pa uhedimasitala zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ngakhale mawu awo anali asanauzidwe za kupumako. Anaima pakhonde la telala pa Msakambewa, ambulera ili m'khwapa, kudikira kuti awasokerere batani la jekete.

"Kuwawa, ziro. Kumeza, ziro. Kupuma, ziro. Ulendo wina ndinalolera wani pa nkhani ya tulo, kuopa kuti madokotala angaganize kuti tikuonera."

Telalayo, a Alexio, sanadzutse mutu. Anadula ulusi ndi mano, naulavulira pambali.

"Thalauza la a Elifala lija ndalibweza m'chiuno kawiri," anatero. "Dzana akazi awo analibweretsanso."

"Ndi mankhwala amenewo. Amayamba achotsa kaye mafuta oipa."

"Eya," anatero a Alexio, napondanso makina awo.

Faines anamva zonsezi ali pafupi pomwepo, akuthira petulo wa m'botolo m'njinga yake yamoto. Chisoti chinali chikadali kumutu, choncho a Hedi sanamuzindikire, ndipo iye sanaone chifukwa chochivulira. Maziro onse amene ankatchulidwawo analemba ndi iyeyo, ndi bolopeni ya ku ofesi, ndipo pansi pa fomu iliyonse panali siginecha yake.

Ntchito ya Faines inali yosavuta kufotokoza. Chipatala china cha mumzinda chinkachita kafukufuku wa mankhwala a khansa ya pakhosi ndi ya m'kamwa. Odwala ankakalandira mankhwalawo n'kubwerera kwawo, ndipo milungu iwiri iliyonse Faines ankawalondola kumidzi ndi fomu ya mafunso khumi ndi awiri. Pakhosi pakuwawa bwanji? Mukumeza bwanji? Mpweya, malovu, mawu, tulo, ndi zina zotero. Pa funso lililonse wodwala ankatchula nambala, kuyambira ziro, kutanthauza kuti palibe vuto, mpaka teni, vuto loti munthu sangaganizenso lina loposa pamenepo. Madokotala anali ndi makina ojambulira chotupa, koma analibe makina odziwira mmene munthu akumvera akamameza malovu ake omwe. Chimenecho ankachidziwa ndi mwini khosi yekha. N'chifukwa chake pamwamba pa fomu panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti WOYANKHA AKHALE WODWALA MWINI WAKE.

Panalinso lamulo lina. Wodwala akatchula seveni kapena kuposa apo pa kumeza kapena pa kupuma, Faines ankayenera kuimba foni pomwepo, galimoto ya kafukufuku n'kudzamutenga tsiku lomwelo.

Kwa a Elifala foni imeneyi inali isanaimbidwepo.

A Elifala anali mkamwini. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri a Ntchisi, koma kwa zaka makumi atatu ankakhala kwa akazi awo, a Susana, kulima fodya m'munda wa kuchikazi ndi kulera ana amene ankawerengedwa kuti ndi a mbumba ya eni mudzi. Mwini mbumbayo anali a Reinford, achimwene awo a Susana. Mkamwini, ngakhale mutu utayera bwanji, satsutsa mlamu wake wamkulu pabwalo la mlamuyo, makamaka mlendo ali pomwepo. Kuwonjezera apo, ndi a Reinford amene anapita nawo kumzinda pamene mawu anayamba kusasa, atavala tayi, nasayina ngati mboni pa pepala lolowera m'kafukufuku. Anasayina mpaka siginecha kusefukira m'bokosi la dokotala.

Tsiku limenelo a Elifala anali akadali ndi mawu, ngakhale okanda. A Hedi atatuluka kukafotokozera mlonda wa pageti mmene ntchito yake iyenera kuyendera, wodwalayo anamukodola Faines.

"Ndiye kuti mafunsowa muzidzafunsa ineyo?"

"Inuyo, bambo. Osati munthu wina."

"Mukunena zoona?"

"Ndikulonjeza."

A Elifala anaseka mpaka kutsokomola. "Pamudzi paja palibe anandifunsapo kanthu, kupatula nambala ya nyimbo."

Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo kutchalitchi. Popeza tchalitchicho chinali chachitali komanso chopanda chimkuzamawu, nambala ya nyimbo ankaionetsa ndi zala, imodziimodzi, amayi a kumbuyo n'kumatsegula mabuku.

Ulendo woyamba umene Faines anafika pamudzipo, anamupatsa mpando pakhonde, napereka moni monga mwa nthawi zonse. Mlendo akabwera kudzazonda matenda safunsa wodwala. Amafunsa mwini khomo kuti odwala agona bwanji, mwini khomo n'kuyankha kuti agonako bwino, ngakhale usiku wonse anthu sanaone tulo. Aliyense amadziwa zimenezi ndipo palibe amanamizidwa nazo. Vuto linali lakuti fomu sinkadziwa.

A Reinford anavala magalasi, naitenga fomuyo, naiyendera yonse, nakonzamo liwu limodzi ndi pensulo yofiira. Faines anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, wa zidzukulu ziwiri, koma anaphunzira Sitandade 7 m'kalasi mwa bambo amenewa, ndipo zikhatho zake zinali zisanaiwale. Atawerenga funso loyamba, a Elifala anatsegula pakamwa.

"Ziro," anatero a Hedi.

A Elifala anatseka pakamwapo. Anayang'ana alamu awo, kenaka anagwedeza mutu.

"Waona? Akuvomereza. Lemba."

Faines analemba. Pobwerera anadziuza kuti kugwedeza mutu nakonso ndi kuyankha. Anadziuza zomwezo ulendo wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi, ndipo ulendo uliwonse zinkavutirapo pang'ono kuzikhulupirira.

Ku ofesi maziro aja anawakonda. Mu Januwale, tsiku loti a Elifala akaonedwe ndi dokotala litafika, mvula inali itawononga misewu ndipo galimoto inali imodzi yokha. Nesi wa kafukufuku, a Dominiko, anayala mafomu patebulo, nasankha odwala amene nambala zawo zinali zoopsa. Atafika pa fomu ya a Elifala anaimenya ndi chala mokondwa.

"Awa akhoza kudikira mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Onse akanakhala chonchi bwenzi tikugona tulo."

Faines anali pomwepo, mandasi ali m'manja. Analuma mandasiwo, natafuna nthawi yaitali.

Tsopano panali patapita milungu iwiri, ndipo telala anali ndi thalauza lija kachitatu. Faines analipira petulo, naliza njinga. Anawerengera kuti a Hedi akayenda pansi atenga ola lathunthu kuti afike kumudzi. Ola limodzi linali lokwanira mafunso khumi ndi awiri.

Msewu wa kumudziko umatsetsereka pakati pa minda ya fodya mpaka pa kamtsinje kamene kalibe mlatho weniweni, koma simenti yoyalidwa pansi yoti madzi azidutsa pamwamba. Tsiku limenelo madzi ankalekeza m'kakolo, ofiira ngati tiyi wa mkaka wochepa. Faines anawoloka atakweza miyendo. Ali kutsidya anacheuka kuyang'ana mapiri a Ntchisi. Nsonga zake sizinkaoneka. Mvula ikagwa kumeneko, madzi ake amafika pa simentipo pakatha maola awiri, ndipo akafika palibe galimoto imawoloka mpaka mawa lake, nthawi zina mpaka mkuja.

Woyamba kumulandira pakhomo la a Elifala anali galu. Faines ankamudziwa galu ameneyu. Mu Disembala nthiti zake zinkawerengeka munthu ali pamsewu. Tsopano, mu Febuluwale, mwezi umene anthu eni ake amadya kamodzi, galuyo anali wonenepa, ubweya ukuwala, ndipo anabwera mwaulemu ngati munthu amene zake zinayera.

A Susana anali m'chigafa, akusoka fodya. Anapukuta manja akuda ndi utomoni pachitenje, nabwera kudzamulonjera.

"Odwala agona bwanji, mayi?"

"Agonako bwino."

Pamenepo Faines anamva kaphokoso kochokera m'nyumba, kopyapyala, kobwerezabwereza, ngati nkhuku ya chitopa ikamakoka mpweya. Anayang'ana pansi pa nkhokwe kufunafuna nkhukuyo.

"Si nkhuku," anatero a Susana.

A Elifala anali pabalaza, pampando wotsamiritsidwa kukhoma, pilo ali kumsana. Pambali pawo panali chitini cha mchenga cholavuliramo. Kolala ya shati inkazungulira khosi lawo patali, kupatula kumanzere, kumene chotupa chinaidzaza. Akamakoka mpweya, khungu la pamwamba pa chifuwa linkalowa m'kati. Atamuona Faines anayesa kudzuka kuti amupatse mpando.

"Khalani, bambo, khalani."

"Akugona chokhala," anatero a Susana ali pakhomo. "Sabata yachiwiri tsopano. Akagona chagada amati wina wawakhala pakhosi."

"Nanga kudya?"

A Susana anayang'ana panja, pamene galu uja anagona padzuwa akunyambita mwendo.

Faines anatsegula chikwama msangamsanga, natulutsa fomu. Anali asanavundukule bolopeni pamene kunja kunamveka nyimbo. Anali ataiwala kuti linali Lachinayi. Amayi a Chigwirizano, khumi ndi awiri, atavala mabulauzi ndi maduku oyera, ankalowa pabwalo ali pamzere kudzazonda woyambitsa nyimbo wawo. Ananyamula shuga, sopo ndi chigubu cha thobwa. Patsogolo panali wapampando wawo, a Deborah, mayi wamfupi wa mawu a bambo.

Panalibe kuchitira mwina. Anayala mphasa pabwalo, a Elifala anawatulutsira pakhonde ndi mpando wawo womwewo, ndipo moni anayamba. Mayi aliyense analonjera a Susana, kenaka mlendo wa njinga, kenaka anafunsa za odwala, nauzidwa kuti agonako bwino. Pamene mayi wa khumi ndi chiwiri ankauzidwa zimenezi, kabaza inaima pamsewu. A Reinford anatsika, nakonza jekete la batani latsopano. Anali atamva pa Msakambewa kuti amayi abwera, ndipo sakanalola kuti anthu khumi ndi awiri asonkhane pakhomo la mbumba yawo popanda wowayankhula.

Anayankhula mphindi khumi ndi zisanu. Anathokoza amayi, anathokoza mpingo, anafotokoza mbiri ya matendawo kuyambira tsiku limene iwo anawazindikira madokotala asanawazindikire. Nthawi yonseyi kaphokoso kaja kankamveka pansi pa mawu awo, kulowa ndi kutuluka. Amayi ena anayamba kuyang'ana m'manja mwawo.

"Ndipo mwabwera tsiku labwino," anamaliza a Hedi. "Mwana wanga wa sukulu uyu wabwera ndi mayeso athu. Muona nokha mmene timakhozera pakhomo pano. Faines, yamba."

Anakhala pampando wawo pafupi ndi wodwala, navala magalasi.

Faines anawerenga. "Funso loyamba. Pa masiku asanu ndi awiri apitawa, pakhosi panu pawawa bwanji, kuyambira ziro mpaka teni?"

"Ziro."

Bolopeni sinayende.

"Ndati ziro."

"Ndamva, a Hedi. Ndimafunsa bambowa."

"Ndi chimodzimodzi. Ine ndi iwowa timayankhula chimodzi."

A Deborah anakhosomola pamphasa paja. "Pepani a Hedi, ife ndife osaphunzira, za manambalazo sitizidziwa. Koma bambowa atha. Ine poyamba ndimayesa ndi shati yayanikidwa pampando."

"Maonekedwe amanyenga, mayi. Sayansi siyendera maso." A Hedi anatembenukira kwa mlongo wawo. "Susana, thira thobwa m'kapu. Anthu aone okha."

A Susana anazengereza, koma anathira. A Hedi analandira kapuyo naipereka kwa wodwala.

"Alamu, imwani."

A Elifala anailandira ndi manja awiri, monga mkamwini amalandirira chilichonse chochokera kwa mwini mbumba. Anayang'ana thobwalo. Linali lokoma m'maso, lamasese ake pansi. Anayamba kuikweza kapuyo pang'onopang'ono, ndipo kaphokoso kaja kanafulumira.

Faines sanadziwe kuti anaimirira nthawi yanji. Anangozindikira kuti kapu ili m'manja mwake, thobwa lina litatayikira pa nsapato za a Hedi.

"Musamwe, bambo. Likalowera kolakwika pano palibe angalitulutse."

A Reinford anayang'ana nsapato zawo, kenaka anayang'ana Faines pamwamba pa magalasi, mmene ankayang'anira mu 1991.

"Faines iwe. Amene anakuphunzitsa kugwira bolopeni imeneyo ndani?"

"Ndinu, a Hedi."

"Ndiye khala pansi ulembe."

Miyendo yake inafuna kumvera. Anailetsa.

A Hedi anadzuka, namuyandikira, natsitsa mawu. Anthu onse anamvabe, chifukwa mawu otsitsa a a Reinford anali ofanana ndi mawu wamba a munthu wina.

"Mwana iwe, ine ndalemba mafomu a akuluakulu zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndikuwadziwa anthu amenewa. Ukawalembera kuti ana akulephera, satumiza mabuku. Amachotsa hedi. Ukawalembera kuti mlamu wangayu sakuchira, amufufuta pa mndandanda, mankhwala ake apatse wina amene akukhoza. Ndiye ine ndipite naye kuti? Ndimugulire ndi chiyani mankhwala amenewo, ndi penshoni?" Anagogoda pansi ndi nsonga ya ambulera. "Munthu ameneyu wandilimira munda zaka sate. Sindilola kuti amufufute."

Faines anali asanaganizepo kuti a Hedi angakhale ndi mantha. Ankayesa kuti mantha ndi chinthu chimene iwo ankangogawira ena.

"Safufuta munthu, a Hedi," anatero. "Awa si mayeso. Palibe kukhoza, palibe kulephera. Nambala ikakhala yaikulu ndi imene imaitana galimoto."

Kenaka anatembenukira kumphasa. Ankadziwa chimene ankachita. Mawu onenedwa pamaso pa amayi khumi ndi awiri a Chigwirizano sabwezedwa. Pofika madzulo amakhala ali ku Bowe, ndipo pofika Lolemba akanakhala atafika ku ofesi, kaya iye afune kaya asafune.

"Amayi, mumve ndinu mboni. Mwezi watha bambowa ankayenera kukaonedwa ndi dokotala. Galimoto inapita kwa ena chifukwa mafomu awo ankati alibe vuto. Mafomu amenewo ndi anayi. Ndinalemba ndine, ndinasayina ndine kuti wayankha ndi wodwala. Bambowa sanayankhepo ngakhale funso limodzi."

"Mayo ine," anatero mayi wina kumbuyo.

Faines anaika kapu pansi, nagwada pafupi ndi mpando wa wodwala, fomu ili pabondo.

"Bambo, tsiku losayina lija munandifunsa ngati ndizidzafunsa inuyo. Ndinalonjeza. Maulendo anayi ndabwera pakhomo pano osakufunsani. Lero ndikufunsani. Pakhosi pakuwawa bwanji?"

A Elifala sanamuyang'ane. Maso awo anali pa alamu awo. Mpweya unalowa ndi kulira kwake, unatuluka, unalowanso. Zaka makumi atatu sizitha chifukwa choti mlendo wa njinga wagwada.

Amene anayankhula anali a Susana. Sanakweze mawu.

"Achimwene, galuyo mukumuona?"

"Galu watani?"

"Phala limene mumalamula kuti ndiziwaphikira alamu anu m'mawa ndi madzulo, la mazira lija, akudya ndi iyeyo. Mbale imabwera yoyera kuti inu musakhumudwe. Iwowa chiyambire Lamulungu angonyambita madzi a pasupuni."

Anthu onse anayang'ana galu. Galuyo ataona kuti akumuyang'ana anagwedeza mchira.

A Reinford anamuyang'ana nthawi yaitali kuposa ena onse. Kenaka anavula magalasi, nawapinda, nawaika m'thumba la jekete. Sananene kuti alamu yankhani. Mawu oterowo analibe. Anangonyamula mpando wawo, nautembenuza kuti uyang'ane kumunda wa fodya, nakhalapo, msana uli kwa wodwala.

A Elifala anatsegula pakamwa. Panatuluka mpweya wokhawokha ndi kalikhweru kaja. Anayesanso, mitsempha ya pakhosi n'kuima, koma liwu silinabwere. Mawu amene anali nawo ulendo woyamba uja, pamene akanatha kuyankha, anali atapita.

"Musavutike, a Elifala," anatero a Deborah, akusendera kutsogolo pamphasa. "Chitani za kutchalitchi zija. Ife tiwerenga."

Wodwalayo anayang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina. Kenaka anawakweza pang'onopang'ono mpaka pachifuwa, zikhatho zikuyang'ana kwa amayi, monga ankachitira Lamulungu lililonse. Dzanja lamanja linatambasuka lonse. Lamanzere linatulutsa zala zitatu.

"Eyiti," anatero amayi onse pamodzi, mosaganiza n'komwe, ndipo mmodzi anafika mpaka pogwira buku lake la nyimbo.

Faines analemba eyiti. Nambalayo inaoneka yachilendo pa fomu ya a Elifala.

"Funso lachiwiri. Kumeza kwakuvutani bwanji?"

Dzanja lamanja lonse. Lamanzere, chala chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi. Chala chachikulu anachipinda, nachipanikiza m'chikhatho.

"Naini."

Msana wa a Hedi unagwedezeka pang'ono, ngati aponyedwa kamwala.

Naini inali itadutsa kale pa seveni. Faines anapisa dzanja m'thumba kuti atulutse foni, koma a Elifala anamugwira pamkono. Dzanjalo linali lopepuka ndi lotentha. Ndi chala china anagogoda pafomu, pa funso lotsatira.

"Chabwino, bambo. Funso lachitatu. Kupuma kwakuvutani bwanji?"

Anakwezanso manja. Zala zisanu ndi zinayi zinaima monga poyamba, chachikulu chija chili chopinda. Amayi anakoka mpweya kuti atchule, koma a Deborah anawaletsa ndi dzanja, chifukwa ankamudziwa woyambitsa nyimbo wawo, ndipo anaona kuti sanamalize. A Elifala anayang'ana chala chopindacho. Anayang'ana msana wa alamu awo. Kenaka anachitambasula.

Palibe anatchula nambalayo. Faines anailemba yekha.

Netiweki pamudzipo inkapezeka pachulu cha kuseri kwa chigafa. Anakwera pamenepo nsapato zikuterereka. A Dominiko anayankha foni itaitana kachitatu.

"Naini ndi teni? A Elifala ake ati? Amene anali pa ziro milungu iwiri yapitayi?"

"Sanali pa ziro."



"Zimenezo tidzakambirana Lolemba, ndipo simudzazikonda," anatero a Dominiko. "Akumveka phokoso akamakoka mpweya?"

"Ndikulimva ndili kuseri kwa chigafa."

"Asagone pansi. Musawapatse chilichonse chakumwa. Galimoto ili cha ku Mtengowanthenga, ndikuitembenuza pompano, koma ndi msewu umenewo ndi maola awiri. Kamtsinje kanu kaja kali bwanji?"

Ali pachulupo Faines ankaona mapiri onse a Ntchisi, kapena malo amene mapiriwo amayenera kukhala. Panali chikhoma chakuda chochokera kumwamba mpaka pansi, ndipo m'kati mwake munkang'anima mosamveka phokoso.

"Kadzaza galimoto isanafike," anatero.

"Ndiye awolotseni. Akadikire kutsidya."

Atabwerera pabwalo n'kufotokoza zimenezi, a Reinford anadzuka pampando paja. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wadzutsidwa pa basi. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anapeza chinthu chimene ankachidziwa.

"Abrahamu!" anakuwa, kuitana mwini ngolo wa kutsidya kwa munda. Mawuwo anadutsa fodya yense, nakagunda nyumba za kumtunda. "Abrahamu! Manga ng'ombe! Ndati pompano, osati ukamaliza kudya! Susana, matiresi. Amayi inu, awiri akathandize kugwira goli, enanu musangoti maso tuzu ngati muli pa asembule."

Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mawu aja anagwira ntchito yake. Anthu anabalalika. A Hedi eni ake anapita kukakoka ng'ombe, jekete la batani latsopano likukodwa m'minga.

Kumanga ng'ombe kumatenga nthawi, ngakhale wokuwa akuwe bwanji. Mphepo inasintha, niyamba kuwomba kuchokera kumapiri, yozizira, yonunkhira dothi lonyowa. Masamba a fodya m'chigafa anayamba kugundana. Faines ankapinda fomu kuti aiike m'chikwama pamene anamvanso dzanja lotentha lija pamkono.

A Elifala anagogoda pepalalo. Kenaka anakweza zala zisanu ndi zinayi, nagogodanso.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Susana, matiresi ali pamutu.

"Akuti mafunso atsala naini," anatero a Deborah. "Ndipo akunena zoona. Munalonjeza onse, mayi, osati atatu."

Faines anagwadanso. Amayi amene anatsala anasendera pafupi, natchinga mphepo ndi misana yawo. Anafunsa za malovu, zala zinaima, amayi anatchula, iye analemba. Anafunsa za mawu, za tulo, za kukoma kwa chakudya, za kutsegula pakamwa. Pa funso lakuti kodi matendawa akukulepheretsani bwanji kucheza ndi anthu, a Elifala anaganiza kwa nthawi, nayang'ana amayi onse amene anawazungulira, nakweza zala ziwiri zokha. A Deborah anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

Kumtunda kunagunda, kwa nthawi yoyamba momveka. Ngolo inatulukira pakona ya chigafa, a Hedi ali patsogolo akukalipira ng'ombe m'Chingerezi.

Pansi pa fomu panali bokosi lakuti WAYANKHA NDANI. Maulendo anayi Faines ankalembamo yekha, mofulumira, osayang'anapo. Ulendo uno anatembenuza pepalalo, naliika pabondo la a Elifala, nawapatsa bolopeni. Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, akupumira pakati, amayi akuyang'ana. Dontho loyamba la mvula linagwera pa chilembo chomaliza inki isanaume.